Khoma limene ndinkamenya agogo anu akasiya kupuma

Ana inu, dzulo ndinakuonani kuseri kwa bafa. Iwe Yamikani unatenga paipi yothirira ndiwo n'kuyiika pamphuno, ukuyenda motsimphina ngati agogo ako aamuna, uku Tamanda akugubuduka ndi phwete. Musakane, maso anga akadali akuthwa. Sindikukwiyirani ayi, ngakhale ineyo tsiku loyamba kuwaona atavala makina aja ndinatulukira panja kukaseka. Koma khalani pansi, mafoniwo muike pathebulo, ndikuuzeni kumene makinawo anachokera. Popanda makina amenewo, mpweya wa agogo anu umaima ali m'tulo, ndipo ine ndakalamba ndikuopa chinthu chimodzi chomwecho.

Kuno ku Blantyre ndinabwera pa sitima, kuchokera kwathu ku Nsanje. Inu sitima mumangoiona pa TV. Tinkapanikizana ndi madengu a nsomba zouma, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi amayi ogulitsa nthochi amene ankazilowetsera pazenera sitima ikaima. Kutentha kwa kuchigwa kunkatsalira m'mbuyo pamene tinkakwera mapiri, moti ndinafika ku Limbe mano akugundana, nditangovala kadiresi kamodzi ndi chitenje. Agogo anu a Domingo anadzandichingamira atabwereka jekete, n'kundibweretsa kuno ku Zingwangwa, m'kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri, m'munsimu momwe pano muli ogulitsa matayala.

Iwo ntchito yawo inali ya ulonda, pa nyumba ina yosungira katundu ku Ginnery Corner. Ankanyamuka dzuwa likulowa, chikhoti chachikulu pamsana, chibonga m'manja, tiyi m'botolo, n'kubwera kukacha. Ndiye tulo tawo tinali ta masana, ndipo mkonono wawo unkamveka mzere wonse wa nyumba. Anzanga ankati, “Chigayo cha a Domingo chatsegulidwa, bweretsani mphale.” Nditapita kumudzi ndinawadandaulira amayi anga. Iwo anangoseka, amvekere, “Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mwamuna woliza mkonono ndiye kuti wagwira ntchito. Ndipo iwe, za kuchipinda sizituluka pakhomo, usadzayerekezenso.” Ndinamvera, chifukwa ndi mmene tinaleredwera.

Chimene sindinathe kuwauza amayi n'chakuti phokosolo silinkandiopsa. Chinkandiopsa ndi chete. Ndinayamba kuziona ndili ndi pakati pa azakhali anu a Rozina. Ndinalowa kuchipinda kukatenga malaya oti ndisite, ndipo mkonono unangoduka. Ndinacheuka. Chifuwa chawo chinkakoka, mimba ikudukula, koma mpweya osalowa, milomo ikuda. Kenako anadzidzimuka ndi chiphokoso ngati munthu amene wavuulidwa m'madzi, n'kupitiriza kugona. Atadzuka ndinawafunsa ngati analota zoipa. Iwo amvekere, “Ine? Ndagona bwinobwino, koma mutu wokha ukundiwawa.” Mutu umenewo unkawawa tsiku ndi tsiku, ndipo ankadzuka otopa kuposa mmene anagonera.

Ndiye ndinapeza nzeru zanga. Ndinali nditayamba geni ya mandasi, ndipo aliyense wanzeru akanaika mbaula kumaso, kumsewu, kumene kumadutsa anthu. Ine ndinaika mbaula ndi chiwaya kuseri, pansi pa zenera la kuchipinda, padzuwa penipeni. Manja ankakazinga, makutu ali mkati. Mkonono ukangoduka, ndinkatenga chipande n'kumenya khoma, iwo n'kudzidzimuka, chigayo n'kuyambiranso. Pakhomapo panachita kukumbika. Eni nyumba ankamata, ine n'kukumbanso.

Anthu analankhula, nanga pa Zingwangwa pangalephere zolankhula? Ankati mayi uja amalondera mwamuna kuopa kuti akazi angamulowere pazenera. Ndinkangowasiya. Maukwati a masana ndinkangoonekera n'kuthawa mpunga usanagawidwe. Anzanga a kumphakati wa kutchalitchi akamapita kukacheza ndi odwala, ine ndinkati mwendo ukuwawa. Ufa ndi mafuta ndinkakagula mothamanga ngati ndaba. Inu masiku ano mumangotumiza kauthenga, wakabaza n'kukubweretserani zinthu pakhomo, komabe mumati mwatopa. Ife madzi tinkakatunga kumpopi wa anthu onse, mzere wa ndowa kufika kumsewu, ndipo ndinkaonetsetsa kuti ndamaliza agogo anu asanavule nsapato.

Rozina anakulira pambali pa chiwaya chimenecho. Anali mwana wa mafunso ambiri, ngati iweyo Tamanda, kusiyana kwake iye ankamvetsera yankho. Tsiku lina anandifunsa kuti, “Amama, khomali lakulakwirani chiyani?”

“Ndikuthamangitsa makoswe,” ndinatero.

“Makoswe ake amangobwera ababa akasiya kuliza?”

Ndinamuyang'ana diso limodzi loti sanafunsenso. Atatha msinkhu, amayi olangiza a kutchalitchi anamuuza zimene mtsikana aliyense amauzidwa: kuchipinda kwa makolo ako kwatha, usadzapondemonso, ndipo bambo ako usadzawaone ali gone. Rozina anasunga mwambowo. Tinasamukira m'nyumba ino titamanga, iye anathandiza kugula malata, koma chipinda chimene malatawo anafolera sakuchidziwa mkati mwake mpaka lero.

Sukulu inamukonda mwana ameneyu. Anapita ku yunivesite, kenako kunja, n'kubwera akutchedwa dokotala, koma osati wobaya jakisoni. Nditamufunsa ntchito yake, anandigwira kunkhongo, pamwamba pa khosi, n'kunena kuti, “Apa amama, kumunsi kwa ubongo, pali kachigawo kakang'ono kamene kamalamula kuti munthu azipuma ngakhale ali m'tulo. Ine ndimafufuza mmene kamagwirira ntchito, ndi zimene zimachitika zikasokonekera.” Anati kunjako ankaphunzirira pa makoswe. Ndinati, mwana wanga, sukulu yonseyi kuti uzikaweta makoswe? Ukanangonena, kumsika wa Zingwangwa aliko aulere. Koma atayamba ntchito pachipatala chachikulu m'tauni muno ndinasiya kuseka. Ankagwira ntchito ndi anamwino osamalira tiana tobadwa masiku asanakwane, tomwe timaiwala kupuma tikagona. Ankawaphunzitsa kuona msanga kamwana kamene kayamba kuiwala, ndi chochita. Amayi ena osawadziwa ankandiimitsa kumsika n'kundionetsa mwana kumbuyo, amvekere, “Uyu alipo chifukwa cha mwana wanu.”

Ankakhala ku Chitawira, ndipo Lamulungu tikatuluka ku Misa ankabwera kudzadya nafe. Bambo ake akalowa kukagona, iye ankasiya kutafuna, khutu lili kuchitseko. Tsiku lina analimba mtima.

“Ababa, mkonono wanuwu ukufunika kuyezedwa. Ndili ndi timakina, munthu amangovala n'kugona, ine n'kumaona pakompyuta.”

“Nkhabe,” anakana agogo anu m'Chisena chawo chimene chimatuluka akakwiya. “Mwana wanga wamkazi andione ndili gone? Kodi ndafa?”

“Ndiye mubwere kuchipatala, akuyezeni mnzanga wachimuna.”

“Kuchipatala amagona odwala. Ine ndili ndi bedi langa.”

Rozina anatembenukira kwa ine. “Amama, inu mumawaona. Amasiya kupuma?”

“Amagona bwino,” ndinatero, maso ali m'mbale. Mwana wako wamkazi sungamufotokozere mmene mwamuna wako amagonera, bambo ake ali pomwepo. Pakamwa sipatseguka.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina, mafuta akuyamba kutentha m'chiwaya, foni inalira. Anali achimwene anga ku Nsanje, akuti amayi atisiya, ndipo ndi kutentha kwa kumeneko maliro saswera, aika mawa lake. Agogo anu anali atangofika kuchokera kuntchito. Mlonda mnzawo anali m'chipatala, ndiye mabwana anali atanena kale kuti tchuthi kulibe. Ndinalongedza zitenje m'chikwama, ndikulira, kenako ndinakhala pachikwamapo n'kulephera kudzuka. Zaka zonsezo ndikapita kumudzi tinkapita tonse, kapena ndinkadikira tchuthi chawo. Tsopano ndikachoka, khoma amenya ndani?

Rozina anafika ndi galimoto kuti andiperekeze kudepoti. “Amama, tiyeni, basi itisiya.”

“Sindipita.”

“Maliro a mayi anu?”

“Ndikapita ndidzapeza maliro ena kuno.”

Ndiye ndinamuuza. Zonse: milomo yakuda, chifuwa chokoka pachabe, mbaula kuseri, chipande, maukwati othawa. Ndinkalankhula ndikuyang'ana pansi, manyazi akunditentha kumaso kuposa makala. Sindinadziwe kuti agogo anu aima pachitseko cha kuchipinda, nsapato imodzi ili m'manja.

Rozina anagwada pambali panga. Anati bambo ake akagona, minofu ya kummero imafooka, njira ya mpweya n'kutsekeka. Mpweya woipa ukachuluka m'magazi, kachigawo ka mu ubongo kaja kamazindikira, n'kuwadzidzimutsa kuti atsegule kummero.

“Nanga khoma lija?” ndinafunsa.

“Mwina munkawathandiza kudzidzimuka msanga. Koma ngakhale mukanapanda kumenya, ubongo ukanawadzutsa.”

Ana inu, sindidziwa ngati ndinamva mpumulo kapena mkwiyo. Nkhope yanga yonseyi inada ndi dzuwa la kuseri kuja. Ndinati, “Ndiye palibe choopsa?”

“Chilipo, amama, ndipo ndi siriyasi. Nthawi iliyonse akadzidzimuka choncho, mtima umathamanga, magazi amakwera. Zimachitika kambirimbiri pa tulo tamodzi, kwa zaka zonsezi. Mtima umatopa. Ndi zimene zimabweretsa bipi ndi sitiroko. Koma sindingawathandize ndisanaone kuti zafika pati.”

Apo ndi pamene agogo anu analankhula. “Mayi a Rozina, mandasi aja simunkakazingira kuseri chifukwa cha mthunzi?”

“Mthunzi wake uti? Dzuwa limaswera pamenepo.”

Analowa n'kutseka chitseko. Tinamva kabati ikutseguka, kenako chinthu chikukwekwerezeka. Anatuluka atavala suti yawo ya pa Pasaka, tayi ndi sokosi zomwe, akukoka matiresi. Anawagwetsa pabalaza pano, apa pomwe mwakhala inupa.

“Kuchipinda salowa,” anatero, osayang'ana aliyense. “Koma pano ndi pabalaza, pamakhala aliyense. Katenge timakina tako msanga, amako akaike mayi awo.”

Rozina anathamangira kuntchito kwake n'kubwera ndi kachikwama. Sanawakhudze bambo ake ngakhale chala. Ankanena, ine n'kumachita: lamba pachifuwa pamwamba pa shati, kapaipi kamphuno, kachinthu kopana chala kokhala ndi kagetsi kofiira. Tayi yokha tinachita kuwanyengerera kuti avule. Kenako iye anatembenuza mpando n'kukhala chofulatira, nkhope kukhoma, kompyuta pamiyendo. Agogo anu anagona chagada, manja pamimba, maso ali kudenga, akutsokomola ngati mlendo. Koma munthu amene wachezera atayima, tulo sitimupempha chilolezo. Posakhalitsa chigayo chinayamba.

Ndinakhala pamkeka pambali pa Rozina. Pakompyuta panali mzere wokwera ndi kutsika, iye anati umenewo ndi mpweya. Ndikuyang'ana choncho, mkonono unaduka, mzerewo n'kugona. Dzanja langa linanyamuka lokha kulunjika kukhoma. Rozina analigwira.

“Dikirani, amama. Ndikufuna ndione.”

“Ndisiye.”

“Chonde, dikirani.”

Nambala ina pakona inayamba kutsika, iye maso ali pomwepo. Ndinacheuka: chifuwa chikukoka pansi pa shati yoyera ija, lamba akuthina, pakamwa pali yasa, mpweya osalowa. Ndinayamba Tikuoneni Maria mumtima. Ndinamaliza yense, iwo ali chete. Kuyambira tsiku ndinaika mbaula kuseri, ndinali ndisanasiye chete ameneyo kutalika choncho. Ndinayambanso pempherolo, ndipo ndinamva Rozina, dokotala wa ubongo, akunong'ona ngati kamwana, “Ababa, pumani.” Kenako chiphokoso chija chinabwera, mzere n'kudumpha. Rozina anandisiya dzanja, n'kupukuta m'maso ndi kolala ya bulauzi, osacheuka. Ndinadzifunsa ngati sukulu yonse ija sinayambire pakhoma paja, koma sindinamufunse, ndipo mpaka lero sindinamufunse.

Zinachitika kangapo ndisananyamuke, ndipo ulendo uliwonse ndinkakhalira manja anga. Rozina anati vutoli ndi lalikulu, ndipo limakula akagona chagada. Makina enieni anati afunafuna, atenga nthawi. Pa tsikulo anandituma chitsononkho cha chimanga, kuti ndisokerere kumsana kwa vesiti yawo, kuti akafuna kugona chagada chiziwabaya, azitembenukira chammbali. Ndinasoka misozi ikugwera pasingano. Iye analonjeza kuti masiku onse ndili kumaliro, azidzagwirira ntchito pabalaza pano masana. Ndinakwera basi ya madzulo, ndipo amayi anga ndinawaika ndi manja anga. Potsanzikana, agogo anu anangonena mawu amodzi a Chisena, “Takhuta,” koma sindidziwa ngati ankathokoza ine kapena mwana wawo.

Makina atabwera, aja mumawasekawa, amene amawauzira mpweya m'mphuno kuti kummero kusatsekeke, munthu anasintha. Mutu unaleka, anayamba nthabwala, analima ndiwo kuseri. Nkhani inamveka, poti suti ya pa Pasaka pa matiresi siibisika. Amayi a kumphakati anayamba kundikokera pambali mmodzimmodzi, akunong'ona kuti, “Anzathu, abambo akwathunso amatero.” Ndinkawatumiza kwa Rozina. Iye anaphunzirapo kuti mwamuna sadziwa mmene amagonera, wodziwa ndi mkazi, koma mkazi sanena pokhapokha amufunse mayi mnzake kumbali. Ndiye anayamba kuphunzitsa anamwino kuti mwamuna wa bipi akabwera, azimufunsa mkazi wake payekha. Madalaivala a malole ndi maminibasi amene ankasinza pachiwongolero ayezedwa ambiri chifukwa cha ntchito yake. Koma si onse anafika. Bambo wina wa mumsewu uno, mkazi wake anadzandinong'oneza kenako n'kuchita manyazi, ndipo pano mwamunayo amangokhala pakhonde, mbali imodzi itafa. Ndikamudutsa mtima umandigunda.

Tsopano mverani chimene ndakukhazikirani pansi. Agogo anu anapuma pantchito, koma thupi la mlonda silinasinthe, tulo tawo teniteni ndi ta masana. Makina aja amadya magetsi, ndipo magetsi a kuno mukuwadziwa. Batire loyendetsa makinawo magetsi akathima latopa, azakhali anu akufunafuna lina. Mtima wawo nawo si uja wa kale, Rozina ananena mosabisa kuti usamavutitsidwenso.

Sabata yatha magetsi anathima masana, inu muli kusukulu. Ine ndinali pakhonde, pansi pa zenera, ndikusankha nyemba. Sindinamve makina akuleka. Sindinamve mkonono ukuyamba, ndipo sindinamve pamene unaduka. Ndinadziwa kuti magetsi athima nditaona mayi wa nyumba iyo akutulutsa mbaula kuti apitirize kuphika. Ndinathamangira mkati. Ndinawapeza atakankha chapamphuno cha makina chija, vesiti ya chitsononkho atavula chifukwa cha kutentha, ali chagada, milomo itada. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yotani, nditakhala pomwepo ndi nyemba zanga.

Makutu anga akutha, ana inu. Mumaganiza kuti ndimakunyalanyazani mukamandiitana kumbuyo, si mwano ayi. Rozina akudziwa, akuti pali timakina toika m'khutu, koma sizinatheke panopa. Agogo anu sindinawauze, ndipo musawauze. Amagona mtima uli pansi chifukwa akudziwa kuti ndikumvetsera.

Bambo anu ndi mwana wamkulu, kuchipinda kuja salowa. Mayi anu ndi mpongozi, ngakhale chitseko sakhudza. Koma inu ndinu adzukulu, mwambo sukuletsani. Iwe Tamanda umawatcha amuna ako, iwe Yamikani umawabera shuga m'kabati yomwe ija. Ndiye magetsi akathima agogo anu ali gone, kaya mukuonera mpira kwa anzanu, kaya muli pakati pa kudya, mmodzi athamange. Alowe osagogoda, awagwire paphewa, awatembenuzire chammbali, adikire mpaka aone chifuwa chikukwera ndi kutsika. Akatero atuluke adzandipeze, aime patsogolo panga pamene ndingaone milomo yake, andiuze kuti akupuma.